Dzuwa Likapendeka, Agogo Amanga Katundu

Kuyambira pamene agogo anga aakazi, amayi a amayi anga, anatsikira kuli chete atadwala zaka zinayi matenda oiwalaiwala, anthu a mu mpingo mwathu ndi a m'midzi yoyandikana nafe akhala akundipatulira pambali, ena pa maliro, ena potuluka m'tchalitchi, nandifunsa monong'ona zimene akuchita nazo manyazi kufunsa poyera. Ndipo ndaona kuti angakhale mafunso awo ndi ambiri, pafupifupi onse amagwera pa nthawi imodzi, ndiyo ya usiku, pakuti masana wodwala amapiririka, koma dzuwa likapendeka nyumba yonse imayamba kugwidwa nkhawa. Ndasonkhanitsa pano mafunso amene ndimamva kawirikawiri, ndipo ndawayankha monga ndinaphunzirira, zina kwa madokotala ndi m'mabuku awo, zina pa mphasa pamene ndinachezera ndili maso.

Kodi kuiwalaiwala kumeneku si ukalamba chabe, umene tonse tidzaufikira?

Iyayi, ndipo pamenepa mpamene mabanja ambiri amasocherera. Nkhalamba yathanzi imaiwala pamene yaika kabotolo ka fodya, koma ikakapeza imadziwa ntchito yake; imaiwala dzina la mdzukulu kwa kanthawi, koma siiwala kuti ndi magazi ake. Koma munthu akayamba kusochera pa njira ya kumunda imene waiponda zaka 50, akamafunsa funso limodzi kakhumi nsima isanapse, akamaitana mwana wake ndi dzina la mlongo wake amene anagona kalekale, pamenepo si ukalamba ayi, koma nthenda ya mu ubongo imene madokotala amaitcha dementia, m'mene ubongo umafumbwa pang'onopang'ono monga mzati wogwidwa chiswe, umene kunja ukuonekabe wolimba.

M'chaka cha 1901, dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaona m'chipatala cha mu mzinda wa Frankfurt mayi wa zaka 51, Auguste Deter, amene kuwonjezera pa kuiwala ankalephera kugona, namakoka zofunda m'nyumba ndi kukuwa pakati pa usiku. Mayiyo atamwalira mu 1906, dokotalayo anapima ubongo wake naona kuwonongeka kumene lero kumatchedwa ndi dzina la Alzheimer. Kotero usiku unali m'nkhani imeneyi chiyambire wodwala woyamba kulembedwa. Bungwe la WHO limawerenga anthu oposa 55 miliyoni odwala dementia pa dziko lonse, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Mtundu wa Alzheimer ndiwo wochuluka, koma ulipo wina wodza ndi timisitiroko tating'ono ta kuthamanga kwa magazi, wina wodza ndi kachilombo ka HIV kakapanda kuthiridwa mankhwala, ndi winanso wodza ndi mowa wa zaka zambiri.

Nanga chifukwa ninji zinthu zimaipa dzuwa likamalowa, pamene masana anali bwino?

M'kati mwa ubongo, pamwamba pa pamene mitsempha ya maso imapingasana, muli kachigawo kakang'ono kamene ndingakatche tambala wa thupi, pakuti ndiko kamawerenga kuwala kolowera m'maso ndi kuuza thupi kuti tsopano kwacha, tsopano kwada. Ndipo nthenda imeneyi ikafika pamenepo, tambalayo amayamba kulira pa nthawi yolakwika, kotero kuti wodwala amaodzera masana onse, nadzuka usiku kufunafuna khasu. Onjezanipo kutopa, pakuti ubongo wodwala umagwira ntchito yakalavulagaga tsiku lonse pofuna kuzindikira nkhope ndi mawu, ndipo pofika madzulo mphamvu zake zimakhala zitatha. Onjezaniponso mdima, umene kwathu kuno suzengereza, cha m'ma 6 koloko kukuwala, theka la ola likadutsa kwada bii. Ndipo m'maso a nkhalamba, amene kawirikawiri ali kale ndi ng'ala, jekete lopachikidwa pa msomali limasanduka munthu woimirira, ndi chingwe cha neti chimasanduka njoka.

Koma chilipo china chimene sindinachimve kwa dokotala, ndinachiona ndekha. Madzulo m'mudzi ndi nthawi imene chamoyo chilichonse chimabwerera kwawo: mbuzi zikulowa m'khola, ana akuitanidwa ku masewera, olima akutula makasu. Agogo anga, akaona zimenezi, ankayala chitenje pansi, naikapo chipande, mpango ndi buku lawo la nyimbo, namanga mfundo mosamala ndi zala zonjenjemera, nati, "Ndiperekezeni kwathu, kwada, amayi akandikalipira." Anali pa khonde la nyumba imene anakhalamo zaka zoposa 40, koma kwawo kumene ankanena kunali kwa ubwana wawo, kumene mtima unathawira poona kuti dziko la lero silikuzindikirikanso.

Amalota zoopsa, amakuwa, nthawi zina amaponya zibakera, ndipo akadzuka amaumirira kuti zinachitikadi. Zimenezi nzotani?

Munthu walunga akadzidzimuka ku maloto oipa, amayang'ana denga, nazindikira mphasa yake, nati mumtima, ndimalota. Ndipo mantha amasungunuka. Kuti atero pafunika chikumbumtima cha pamene ali ndi cha dzulo lake, ndipo chimenecho ndicho nthenda yalanda, kotero kuti wodwala amatuluka m'tulo atanyamula malotowo, osapeza khomo lowasiyira. Akati akuba analowa, sakunama. Kwa iwo analowadi, ndipo thukuta ndi kugunda kwa mtima nzenizeni.

Za zibakerazo, dziwani kuti Mlengi anaika m'thupi loko wake, woti pa nthawi ya kulota minofu imalefuka, kuti wolota akuthamanga asathamangedi. Mwa odwala ena loko ameneyu amathyoka, ndipo munthu amachita ndi manja ndi miyendo zimene akulota, mpaka kumenya mnzake wogona naye kapena kugwa pa bedi. Madokotala awiri a ku Minnesota, Carlos Schenck ndi Mark Mahowald, ndiwo analongosola vutoli mu 1986, ndipo limaoneka makamaka pa matenda a Parkinson ndi pa mtundu wa dementia wotchedwa ndi dzina la Friedrich Lewy, amene mu 1912 anaona timibulu tina m'maselo a ubongo. Odwala mtundu umenewu amaonanso zinthu ali maso, makamaka tiana, nyama ndi alendo okhala chete m'nyumba. Mukaona zotere kauzeni dokotala mwatsatanetsatane, pakuti zimasintha mankhwala amene angapereke, monga ndinena kutsogoloku.

Ndichite chiyani pa nthawi yeniyeniyo, akadzuka ndi mantha?

Yambani ndi kuwala, musanayambe ndi mawu. Yatsani nyali, koma musawathire tochi kumaso. Mudzere kutsogolo kumene akukuonani, osati kumbuyo, ndipo mukhale pansi kapena kugwada kuti nkhope yanu ifanane msinkhu ndi yawo, pakuti munthu woimirira pamwamba pa wogona mumdima amaoneka ngati mdani angakhale ali mwana wobala yekha. Mudzitchule, mosafulumira, monga ndinkachitira ine: "Agogo, ndine mdzukulu wanu. Muli m'nyumba mwanu. Ndili nanu pompano." Mubwereze mawu omwewo, osasintha, ndipo musawagwire kufikira ataonetsa kuti akulolani, akalola, dzanja pa dzanja limanena zambiri kuposa pakamwa.

Chachikulu pa zonse, musatsutsane nawo. Ine ndinataya miyezi ingapo ndikuyesa kuwatsimikizira agogo kuti kunja kulibe munthu, ndipo usiku uliwonse ndinkangowonjezera mantha awo, chifukwa tsopano anali ndi adani awiri, akuba a kunja ndi mdzukulu wosamva wa m'nyumba. Tsiku lina atanena kuti anthu abwera kudzaba mbuzi, ndinatenga tochi, ndinatuluka, ndinazungulira khola, ndipo pobwera ndinati, "Ndakaona, agogo, mbuzi zonse zili m'khola, chitseko nchotseka." Anapuma mpweya wautali, nati, "Wachita bwino, mwana wanga," nagona. Sindinaname kanthu, ndipo sindinavomereze kuti akuba analipo. Ndinangoyankha mantha awo m'malo moyankha mawu awo. Kuona maso a nkhono nkudekha, anatero akale, ndipo pa ntchito imeneyi mwambiwo ndi woona kotheratu.

Mantha akayamba kutsika, aperekezeni kukataya madzi, pakuti kawirikawiri chikhodzodzo chodzaza ndicho chinawadzutsa ndipo sanathe kunena. Apatseni timadzi tofunda kapena kaphala pang'ono. Kenaka yambitsani nyimbo ya kutchalitchi kapena ya pamtondo imene anaimba ali mtsikana, chifukwa nyimbo zimatsalira mu ubongo angakhale mayina a ana atafufutika. Akafuna kumanga katundu, alekeni amange, muwathandize ndi mfundo, muyende nawo kuzungulira bwalo, ndi kubwerera nawo pakhomo monga ofika pa ulendo.

Akafunsa za amuna awo kapena amayi awo amene anamwalira, ndiwauze zoona?

Funso ili limavuta Akhristu ndi Asilamu oopa bodza, ndipo ndilemekeza chikumbumtima chawo. Koma taganizani: munthu amene sangasunge uthenga kufikira m'mawa, mukamuuza usiku uliwonse kuti mwamuna wake anafa, mukumuikitsa maliro atsopano usiku uliwonse, alire ngati wamva lero, mawa aiwale, mkuja alirenso. Ine sindiona chilungamo m'menemo. Ndinkati agogo akafunsa za amayi awo, ndinkayankha kuti, "Mwawasowa, eti? Tandiuzani, ankaphika ndiwo zanji?" ndipo ankayamba kusimba za chigwada ndi nkhwani wotendera, nkhope ikuwala, mpaka tulo titawatenga. Akafunsa molunjika, maso ali pa inu, kuti kodi anamwalira, pamenepo musakane, koma yankhani mofatsa ndi kukhala nawo m'chisoni chawo.

Akamabwebweta m'tulo, ndiwadzutse?

Ngati sakudzipweteka, alekeni, kapena itanani dzina lawo motsitsa muli chapatali. Kugwedeza munthu amene akumenya nkhondo m'maloto ndiko kulandira chibakera ndi kumuwonjezera chisokonezo. Chotsani pafupi mipeni, makasu ndi mabotolo, ndipo ngati amagwa pa bedi, yalani matiresi pansi.

Anali ndi chizolowezi chawo, koma masiku awiri okha asinthiratu: sakugona konse, sakutizindikira, akuona zinthu. Kodi nthenda yakula?

Apa tcherani khutu, pakuti yankho ili likhoza kupulumutsa moyo. Dementia imayenda pang'onopang'ono, mwa miyezi ndi zaka. Chisokonezo chodza mwadzidzidzi, mwa maola kapena masiku, chokwera ndi kutsika, madokotala amachitcha delirium, ndipo chimatanthauza kuti m'thupi mwalowa nthenda ina imene wodwala sakutha kuitchula. Kawirikawiri amakhala malungo, chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo, mkodzo wotsekeka mwa abambo okalamba, kudzimbidwa kwa masiku ambiri, kuchepa kwa madzi m'thupi, shuga wotsika kapena wokwera, ululu wa dzino kapena wa fupa losweka pogwa, kapena mankhwala atsopano. Nkhalamba ikhoza kukhala ndi chibayo choopsa thupi osatentha konse, chizindikiro chokha nkukhala chisokonezocho. Ndipo wina sachita phokoso ayi, amangoti zii ndi kuodzera kosadzutsika, kumene nkoopsa chimodzimodzi. Musadikire kuti muone mawa. Pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, mutanyamula buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, a kuchipatala ndi achikuda omwe, ndipo mukanene momveka kuti, "Sabata yatha sanali chonchi." Nthenda yobisikayo ikachizidwa, ambiri amabwerera pamene anali.

Bwanji osangowagulira mankhwala ogonetsa kuti tonse tipume?

Ndikumvetsa mtima wofunsa funsoli, pakuti inenso ndinalifunsa. Koma mapiritsi onga diazepam, amene ambiri amawadziwa kuti Valium, ndi Piriton amene anthu amagula m'magolosale, amawonjezera chisokonezo mwa okalamba, nawagwetsa pansi podzuka usiku, ndipo nkhalamba yothyoka chiuno kawirikawiri siidzukanso pa mphasa. Mankhwala a misala onga haloperidol ali ndi malo ake m'manja mwa dokotala, pa mlingo wochepa ndi kwa nthawi yochepa, koma kwa odwala a mtundu wa Lewy akhoza kuumitsa thupi ndi kuika moyo pa ngozi. Nchifukwa chake ndinati zibakera za m'tulo ndi tiana toonekera m'nyumba muzikazinena.

Chanzeru ndicho kufunsa ngati mankhwala amene akumwa kale ndiwo akubweretsa malotowo. Donepezil, amene amaperekedwa pa matenda a Alzheimer, amalotetsa ena akamwedwa usiku, ndipo dokotala akhoza kuwasunthira m'mawa. Efavirenz, mmodzi wa ma ARV, amadziwika ndi maloto achilendo. Propranolol wa kuthamanga kwa magazi amateronso kwa ena. Ndipo mapiritsi okodzetsa akamwedwa madzulo amadzutsa munthu kangapo. Musasiyitse nokha mankhwala alionse, makamaka ma ARV ndi a BP, kafunseni.

Nanga masana tingakonze chiyani kuti usiku ukhale wabata?

Usiku umakonzedwa m'mawa. Atulutseni aothere dzuwa la m'mawa, pakuti kuwala ndiko kumakonza tambala uja. Apatseni ntchito ya manja imene anaizolowera, kutonola chimanga, kusankha nyemba, kusenda mtedza, angakhale aichite molakwika, chifukwa munthu amene wagwira ntchito amagona tulo ta ulemu. Kugona kwa masana kukhale kwakufupi. Tiyi, khofi ndi Coca-Cola zilekeke dzuwa likapendeka, ndipo mowa ulekeke ndithu. Chakudya cha madzulo, kusamba ndi pemphero zikhale pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo nyali iyatsidwe kusanade, kuti mdima usawapeze modzidzimutsa.

M'chipinda musiye kanyali ka sola kakuyaka usiku wonse, osati koloboyi kapena kandulo, zimene zatentha nyumba zambiri. Mbaula isagone m'nyumba yotseka, pakuti mpweya wa makala umapha mwakachetechete. Ikani ndowa pafupi ndi pogona kuti asapite kuchimbudzi cha panja mumdima, chotsani zovala zolendewera, phimbani galasi ngati akuopa nkhope ya m'menemo, ndipo pa chitseko mangani tizitini kapena kabelu kuti kakatseguka mumve. Kuwamanga ndi chingwe, kapena kuwatsekera okha ndi loko kunja, musachite konse: nkhanza imeneyo imakulitsa mantha, ndipo moto ukabuka alibe pothawira.

Anthu ayamba kunong'ona kuti amatamba, poti anapezeka usiku pakhomo pa eni osavala. Titani?

Ili ndilo funso limene linandikakamiza kulemba, ndipo ndiliyankha ndi mtima wowawa. Taonani m'mene zizindikiro za nthendayi zimafananira ndi zimene anthu amanena za mfiti: kuyenda usiku, kuvula zovala, kupezeka mbandakucha pa bwalo la eni kapena kufupi ndi manda, kulankhula ndi akufa, kulephera kufotokoza kuti wafika bwanji pamenepo. Khamu likamuzungulira ndi kumufunsa mokalipa ngati wagwa pa lichero, wodwala wosokonezeka amavomera chilichonse, natchula ngakhale mayina, ndipo anthu amati waulula yekha. Amene anatisenza kumsana, natichezera usiku tikudwala chikuku, afika pogendedwa miyala chifukwa cha nthenda imene sanaisankhe. Dziko lino silinaiwale za ku Neno mu January 2016, kumene okalamba anayi anaphedwa powaganizira kuti anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Ndipo m'dziko limene nkhalamba yabwinobwino ingaphedwe chotero, nkhalamba yoyenda usiku ili pa ngozi yoposa. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito m'Malawi, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Chifukwa chake musabise matendawa, pakuti chobisika ndicho chimabala manong'onong'o. Mwinimbumba apite kwa a mfumu zinthu zisanaipe, atanyamula buku la kuchipatala, akanene kuti, "Mayi athu akudwala matenda a mu ubongo, dokotala waona; akapezeka usiku, tithandizeni kuwabweza." Alengeze ku mpingo kapena ku mzikiti, auze a zaumoyo a m'mudzi, a chitetezo cha m'mudzi ndi anyamata a kabaza, ndipo nambala ya foni isokeredwe pa chovala chawo. Ife titatero, mnyamata wina wa mudzi woyandikana anawapeza agogo pa mlatho tambala woyamba asanalire, nawafunditsa jekete lake, nawabweretsa atawagwira dzanja. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndipo mudzi ukauzidwa bwino umadziwa kuti mayi wa mnzako ndi mayi wako.

Pemphero ndi labwino, ndipo ife linatilimbitsa. Koma kusonkhana usiku pa nkhalamba yodwala, kuikuwira m'makutu ndi kuigwedeza mutu pofuna kutulutsa ziwanda, kumeneko nkuizunza, ndipo usiku wotsatira umaipa kuposa woyamba.

Ine ndatopa. Usiku wina ndinawakalipira, ndipo ndikudziona wochimwa. Nditani?

Amene sanachezere miyezi ndi wodwala wotere asakuweruzeni. Munthu wosagona amapsa mtima, amadwala, ndipo BP yake imakwera. Mkwiyo umenewo ndi chizindikiro chakuti katundu wakula, osati chakuti chikondi chatha. Mukamva kuti mtima wafika pakhosi, onetsetsani kuti wodwala ali pabwino, tulukani pa khonde, mupume, mubwerere mutazizira. Ndipo kukacha itanani mbumba, pakuti mutu umodzi susenza denga: pakhale kasinthasintha wa usiku wolembedwa, amuna alowemo osati akazi okha, ndipo a kutauni ndi a ku Joni, amene sangachezere, atumize ya nyali, ya sopo, ya mapepala apulasitiki oyala pogona, ndi ya munthu wothandiza masiku ena. Mwana wa sukulu asasiyidwe yekha ndi ntchito imeneyi. Zikapitirira mphamvu zanu, yambirani ku chipatala cha boma lanu, kumene kuli anamwino a matenda a maganizo, ndipo iwo akhoza kukutumizani ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Kwathu tinagawana chotere: amayi Lolemba ndi Lachinayi, azakhali Lachiwiri ndi Lachisanu, ine Lachitatu ndi Loweruka, ndipo amalume, amene poyamba ankati imeneyo ndi ntchito ya akazi, anatenga Lamulungu. M'mawa mwa Lolemba lina ndinawapeza atakhala pa mpando pafupi ndi mphasa, maso ali psuu, dzanja lawo lili m'dzanja la mayi awo, kamtolo ka chitenje kali pamiyendo pawo, ndipo anandikodola kuti ndiyende mopepuka chifukwa agogo anali atangogona kumene.